Bambo Amene Ankatuluka Filimu Isanathe

Raihana sankamva ngakhale liwu limodzi la Chitamil, koma filimu ija anaidziwa monga mmene munthu amadziwira ndewu za aneba ake, pongomva phokoso lodutsa pakhoma. Ntchito yake inali kuima pakhomo la holo ya kanema, m'chinyumba cha mashopu kufupi ndi Al Dafna, kuona matikiti, kulondolera anthu ku mipando yawo ndi katochi, ndipo filimu ikatha, kusesa popukoni ndi kutola makapu a zakumwa. Kwawo kunali ku Ntaja, m'boma la Machinga. Ku Doha anali atakhalitsako ndithu, moti "yalla, yalla" wa Chiarabu, kutanthauza tiyeni tiyeni, ankangotuluka yekha pakamwa akamakalipira ana othamanga m'makonde.

Filimuyo inali ya chikondi, yochokera kummwera kwa India, ndipo mwezi umenewo panalibe ina yodzaza holo ngati iyo. Mawu a Chingerezi ndi a Chiarabu ankayenda m'munsi mwa sikirini, koma ngakhale popanda mawuwo nkhani yake inali yosasowa. Mnyamata wa ndevu zopesa bwino akonda mtsikana wogwira ntchito m'sitolo ya mabuku. Poyamba ndi nyimbo, maluwa, njinga yamoto, kuthamangitsana pamvula. Akwatirana. Kenako mnyamata uja ayamba mafunso: unali kuti, wakuimbira ndani, wamusekerera chifukwa chiyani. Amuletsa kucheza ndi anzake, amusiyitsa ntchito. Akamuzunza lero, mawa lake abwera akulira, agwada, nyimbo n'kuyambiranso.

Anthu ankadzaza kwambiri Lachisanu masana, tsiku limene ambiri amakhala pa ofu. Kutsogolo kunkakhala anyamata a m'makampu ogonamo antchito, obwera pabasi atavala malaya ositidwa bwino, perefyumu ali guu. Pakati pankakhala mabanja. Kumbuyo, kawirikawiri, gulu la manesi ongoweruka kumene. Ndipo panali malo amodzi m'filimumo pamene holo inkang'ambika pakati. Pa ukwati wa mnzawo, mnyamata uja ankalanda foni ya mkazi wake n'kuimenyetsa pakhoma, kenako n'kumukoka dzanja pamaso pa anthu onse. Kutsogolo kunkalira malikhweru ndi m'manja, ena mpaka kuimirira. Kumbuyo azimayi ankatsonya, kutsonya kwake kofanana ndendende ndi kwa amayi a ku Ntaja.

Tsiku lina nesi wina wamfupi, wamagalasi, analephera kuugwira mtima. Anaimirira n'kuyamba kuwalalatira anyamata aja m'chinenero chawo, chala chili m'mwamba. Mmodzi anamuyankha, anzake n'kuseka, kapu ya ayisi n'kuuluka. Raihana anathamanga kukaitana Everson, mlonda wa pansanjika imeneyo, mnyamata wamtali wa ku Ntcheu. Everson analowa, nati "khalas, khalas," kutanthauza basi zatha, n'kuima pakati pa kanjira mpaka mitima ya onse itatsika.

Atatuluka, Everson anapukusa mutu akuseka.

"Koma azimayi inu. Munthu akusonyeza kuti mkazi wake amamukonda, inu mukuti walakwa. Akapanda kuchita nsanje si ndiye mudzati ali ndi wina?"

"Inu Olipa munamuswerapo foni?" anafunsa Raihana. Olipa anali chibwenzi cha Everson, ndipo ankagwira ntchito pahotela ina ku The Pearl.

"Aaa, asisi, ine ayi. Ine ndimangofuna location ya pafoni yake izikhala on, ndizidziwa pamene ali. Basi."

"Basi," anatero Raihana, n'kubwerera pakhomo pake.

Iyeyo malo a foni aja sankawaonera. Akangomva nyimbo ya ukwati ikuyamba, ankatuluka n'kukaima kunja kwa chitseko, msana utatsamira khoma. Umu ndi mmene anayambira kuwazindikira bambo ena ake.

Anali achikulire, owonda, imvi zili mbuu, malaya oyera a manja aatali atamangidwa mabatani mpaka pakhosi. Ankabwera okha, ankagula mpando wakumapeto pafupi ndi chitseko, ndipo sankagula chakudya chilichonse. Pa malo a foni sankasuntha. Ankatulukira patsogolo pang'ono, pamene holo yonse inkakhala chete, popanda woimba likhweru kapena wotsonya. Mtsikana uja athawira kwa makolo ake, tsaya litatupa. Bambo ake amudyetsa ndi dzanja lawo, amusisita mutu, ndipo kutacha anyamula chikwama chake n'kumuperekeza kubwerera kwa mwamuna. Bambo a m'filimu akangonyamula chikwamacho, bambo a pampando wakumapeto ankadzuka n'kutuluka monyang'ama, ngati akuopa kudzutsa mwana. Ankakhala kaye pabenchi ya m'khonde, manja ali pamawondo, kenako n'kumapita.

Ulendo woyamba Raihana anaganiza kuti filimu yawatopetsa. Atawaona akubweranso sabata yotsatira, ndi inanso, n'kumatulukira malo omwewo, anadziwa kuti si kutopa.

Malamulo a pantchito sankalola kucheza ndi makasitomala, koma sankaletsa kupatsa munthu madzi. Lachisanu lina anawapeza pabenchi paja akupukuta m'maso ndi kampango. Anawapatsa kabotolo ka madzi, ndipo analankhulana m'Chingerezi chothyokathyoka chimene anthu a ku Doha amamvanirana, chosakaniza manja ndi timawu ta Chiarabu.

"Bambo, muli bwino? Ndikuitanireni munthu?"

"Palibe vuto, mwanangu, palibe vuto." Anamwa pang'ono. "Iwe filimuyi umaionera masiku onse?"

"Kumva ndimaimva masiku onse. Kuonera ndimasankha malo."

Anamwetulira. Anati dzina lawo ndi Arumugam, ndi atelala, ndipo amasoka pa kashopu kena ku Najma, kuseri kwa msika wa mipando yakale. Kenako anafunsa motsitsa mawu, maso ali pabotolo.

"Mtsikana uja amamwalira?"

Raihana anadabwa. "Simunaonepo mapeto ake?"

"Ndimabwera kuti ndione. Ndikafika paja miyendo imanditulutsa yokha." Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha mtsikana wa maluwa oyera m'tsitsi, akuseka mano onse ali pamtunda. "Uyu ndi Malar, mwana wanga mmodzi yekhayo. Chithunzichi n'chakale, masiku ano satumiza zithunzi. Foni yake amasunga mwamuna wake. Nditapita kutchuthi chaka chatha ndinamupeza kwathu, atathawako. Abale anati ndichite monga bambo. Mayi ake analira, koma sanandiletse. Chikwama chake chinali chobiriwira, chogwirira chimodzi chitaduka. Ndinachisoka ndekha, kuti chisamuvute panjira."

Raihana anakhala pansonga ya benchi, chinthu chimene supavaiza akanamukalipira nacho. M'holo munkamveka nyimbo yachisoni ya zitoliro.

"Inenso anandibweza kangapo," anatero. Sanakonzekere kunena zimenezo, mawu anangotuluka. "Amalume anga ndi amene ankandiperekeza. Ankati ndipirire, mwamuna adzasintha akakhwima. Sanali munthu woipa ayi. Panjira ankandigulira nthochi."

"Ndiye unachokako bwanji?"

"Mchimwene wanga Sharifu. Amapalasa kabaza, njinga yonyamula anthu. Aliyense akandifunsa kuti uli bwanji, ndinkati ndili bwino. Nanga unene kuti suli bwino, wofunsayo n'kupita, iwe n'kutsala m'nyumba momwemo? Sharifu sanandifunse. Anangofika dzuwa likuswa mtengo, kuimika njinga pakhomo, n'kunena kuti, 'Mphasa yako amayi ayala kale. Bereka mwana, kwera.' Ndinakana. Iye anati chabwino, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu. Anakhala pamenepo mpaka ndinachita manyazi kuona makasitomala ake akukwera njinga za ena."

A Arumugam anabweza foni m'thumba.

"M'filimu samwalira," anatero Raihana. "Tiyeni mukaone nokha, kwatsala pang'ono. Ine ndiima pafupi nanu."

Analowa. Pasikirini kunali kutacha, mwamuna uja atagwada pakhomo la chipinda akulira monga mwa nthawi zonse, nyimbo ya chikondi itayamba kale. Mtsikana anamuyang'ana, anamulambalala, n'kutsika masitepe wopanda chikwama, wopanda nsapato, kukakwera basi. Nyimbo inadukira pakati. Kutsogolo anyamata anang'ung'udza, wina n'kufuula mawu amene Raihana anali atawamva kambirimbiri ndipo sankakayika kuti ndi chitonzo. Kumbuyo manesi anaimirira akuwomba m'manja, ndipo ulendo uno azimayi ena a pakati anawathandiza, mmodzi mwamuna wake akumukoka nsalu kuti akhale pansi. Magetsi atayaka, Raihana anaona mnyamata wina wa kutsogolo atatsalira pampando anzake akutuluka, akungoyang'ana sikirini yopanda kanthu.

A Arumugam sanawombe m'manja.

"Wapita yekha," anatero. "Bambo ake ali kuti?"

"Sawaonetsanso."

"Eya," anatero akugwedeza mutu. "Sawaonetsanso."

Lachisanu lotsatira anabwera opanda tikiti. Anaima pambali pa chingwe chotchingira mzere mpaka Raihana atapeza mpata.

"Ndinalankhula ndi Malar, kudzera pafoni ya mayi wina woyandikana nawo nyumba. Akuti ali bwino. Akuti ndisadandaule, ndizidya mokwanira."

"Munamufunsa kuti ali bwanji?"

"Ndinamufunsa."

"Bambo, funso limenelo yankho lake ndi limodzi."

Anaseka, kuseka kowawa. "Ndikapita kukamutenga abale andinena. Kukachisi andiloza zala. Mayi ake sadzathanso kuonekera pa maukwati."

"Amayi anganso anawaloza zala. Anatha miyezi osatuluka pakhomo. Lero ndi amene amayang'anira zophika pa sadaka iliyonse m'mudzi mwathu. Anthu amatopa, amapeza wina womunena." Anaima kaye, poona kuti walankhula ngati munthu wodziwa zonse. "Koma ine Malar sindikumudziwa. Mwina akana. Mwina akana mpaka tchuthi chanu chithe. Sindingakulonjezeni kanthu."

Mzere wa anthu unali utatalika, ndipo supavaiza anali atayamba kuyang'ana. Raihana anabwerera ku matikiti. Pamene ankatukula mutu, bambo aja anali atapita.

Filimu ija inachotsedwa, n'kubwera ina ya magalimoto ophulika. Tsiku lake lomaliza Everson anaima pachitseko n'kuonera mapeto, manja atapinda pachifuwa.

"Akanamupatsabe chance ina," anatero potuluka, koma mawu ake analibe mphamvu. Patapita masabata anamupeza Raihana akudya m'kachipinda ka antchito, n'kukhala naye pafupi akukanda mutu.

"Asisi, Olipa wazimitsa location. Akuti ndikafuna kudziwa kumene ali ndizimufunsa ngati munthu. Inu munalankhula naye?"

"Ine ayi. Olipa ali ndi mutu wake."

"Ndinakwiya, sindinama. Ndinangokhala osamuimbira. Koma dzulo anandiimbira yekha, tinacheza mpaka data kutha. Kale akaona nambala yanga ankayamba ndi kufotokoza pamene ali." Anatenga chidutswa cha chapati cha Raihana osapempha. "Komabe filimu ija anaikokomeza."

A Arumugam sanabwerenso. Raihana ankapezeka akuyang'ana mpando wakumapeto uja, n'kupezapo ana asukulu kapena mwamuna wonenepa akugona. Tsiku lina la ofu anakokana ndi Shakira, mnzake wa ku Mangochi amene ankagona naye chipinda chimodzi, kupita ku Najma. Anadutsa mashopu a mafoni ndi a zitsulo, anafunsa kwa ogulitsa makabati akale, mpaka anakapeza kashopu kopanikizika pakati pa malo ometera ndi ogulitsira tiyi. Munali telala wina wadazi, mapini ali kukamwa.

"Anapita kwawo," anatero atalavulira mapiniwo m'dzanja. "Anangoti emergency. Tsiku lobwera sananene."

Pobwerera Shakira ankamuseka kuti wapeza agogo a chibwenzi, koma Raihana sanaseke. Mtima unali m'mwamba. Bwanji ngati anatumiza munthu wokalamba kukamenyedwa pakhomo la eni? Bwanji ngati mwamuna uja anakwiyira Malar chifukwa cha ulendowo? Iye analankhula za mtengo wa mango wa ku Ntaja ngati dziko lonse ndi Ntaja. Kuyambira tsiku limenelo, akamaliza swala, ankatchula dzina la mtsikana amene sanamuonepo, wa chipembedzo china, n'kumupempherera pamodzi ndi abale ake.

Kutentha kutatha, mphepo yozizira itayamba kuwomba kuchokera kunyanja, Raihana anapitanso ku Najma ndi Shakira. Asanafike n'komwe pakhomo anaona imvi zija zitaweramira makina. A Arumugam atamuona anadzuka mofulumira mpaka sizasi inagwa pansi. Anakankha milu ya nsalu kuti alendo apeze pokhala, anaitanitsa tiyi wa karak kwa aneba, ndipo sanadikire kufunsidwa.

Anafotokoza kuti atafika kunyumba kwa Malar, mkamwini wawo anawalandira ndi ulemu wonse, anawapatsa mpando ndi khofi. Malar anatuluka atafunda nsalu mpaka m'manja, nati bambo pitani, ine ndili bwino. Iwo ananena mawu amene anawaloweza m'ndege: chipinda chako mayi ako akonza, ine ndikhala pa shopu ya tiyi kutsidyako, sindikufunsa kanthu. Ndipo anakakhaladi. M'mawa uliwonse ankakwera basi kuchokera kwawo n'kukakhala pa shopuyo mpaka dzuwa kupendeka. Mwini shopu poyamba ankawayang'ana mokayika, kenako anayamba kuwasungira kampando. Akulu awo anabwera kudzawakalipira kuti akuchititsa manyazi mtundu. Mkamwini anabwera akulira, tsiku lina anabwera akuwopseza. Tchuthi chinayamba kutha, khomo lija lili chitsekere.

"Ndiye m'mawa wina mkazi wanga anavala nsalu yake yabwino, ya pa maukwati, nati lero tipitira limodzi. Anakhala pambali panga pamsewu, anthu onse akuona. Sitinathe n'komwe kapu yoyamba. Malar anatuluka atanyamula ndowa ya zinyalala ngati akukataya. Anaiika pansi pageti, n'kuwoloka msewu."

Shakira, amene nkhaniyi ankangoimvera m'mbali, anapezeka akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake.

"Sizinathe ayi," anapitiriza a Arumugam. "Mwamuna uja amabwerabe pageti, amatuma amalume ake. Mlandu ndi wautali. Abale ena sakutilankhula. Koma mwana akudya, ndipo wayamba kuthandiza pa sitolo ya mankhwala ya msuweni wake. Dikira, ndinamuuza za iwe."

Anaimba foni ya kanema asanamufunse Raihana ngati akufuna. Pasikirini panaoneka mtsikana wowonda, tsitsi lalifupi, wosafanana kwenikweni ndi wa pachithunzi chija. Chingerezi chake chinali chabwino kuposa cha onse m'shopumo. Anamutchula Raihana kuti akka, ndipo bambo ake anati kwawo amatero potchula mkulu wako wamkazi. Anapatsana moni mwamanyazi, anafunsana za nyengo. Kenako Malar anayang'ana kumbali, ngati akuona kuti mayi ake sali pafupi, n'kuyandikitsa nkhope pafoni.

"Akka, mantha amatha?"

Raihana anafuna kunena kuti inde, koma anaona kuti mtsikanayu wamva kale mabodza okwanira.

"Satha tsiku limodzi. Ine mpaka lero munthu akamenyetsa chitseko ndimadzidzimuka. Koma tsiku lina udzangozindikira kuti waseka mokweza osayamba wayang'ana kuti akukumva ndani. Ukadzatero undiimbire."

Malar anagwedeza mutu, n'kumwetulira pang'ono, kumwetulira kwa mbali imodzi. Anapatsana manambala.

Foni itadulidwa, a Arumugam anayamba kutsitsa nsalu pashelefu, yachikasu, yofiirira, ina ya timaluwa tabuluu. Anati mwana amene anaberekedwa pa kabaza uja ayenera kuti wakula, ndipo iwo amusokera diresi, asayerekeze kukana. Anatenga tepi n'kufunsa msinkhu wake.

Raihana anatambasula dzanja kufika m'chiuno mwake, kenako analikweza pang'ono, kenako anaima. Mwana wakeyo, Sumaiya, anamusiya ku Ntaja akufika pamenepo, koma papita nthawi. Anaseka mwamanyazi n'kutulutsa foni yake kuimbira ku Ntaja. Netiweki inavuta, inadula, kenako nkhope ya amayi ake inaoneka, pafupi kwambiri moti ankaoneka mphuno yokha. Tepi kunyumbako kunalibe. Amayi anatuma munthu kukabwereka rula kwa mwana wasukulu wa pafupi, n'kumasula chingwe choyanikira zovala. Sumaiya anaimitsidwa pakhonde, manja atatambasula, akudzigwira kuti asaseke. A Arumugam anaweramira pafoni akuloza phewa lawo, kenako chigongono, kenako bondo, Shakira akumasulira m'Chiyao mokuwa ngati Ntaja ili kutsidya kwa msewu.

"Auzeni awonjezere pang'ono m'munsimo," anatero amayi. "Ameneyu akukula ngati chimanga cha kudimba."